Ntchembere ya Jombo Zachikasu

Lolemba, 9 Juni

Tafika ku Dazongo. Msana wanga watsala m'basi. Anzathu anayi awatsitsa mudzi wina kukakonza mjigo, kuno atitaya awiri, ine ndi Selorm. Mwa anthu onse a m'kalasi mwathu, Selorm! Wa ku tawuni ya Ho, kutali kummwera, mutu wogwira, koma pakamwa ngati wailesi yothyoka pozimitsira. Dzuwa lili phwee iye wavala jombo zachikasu za mphira. Akuti injiniya amadziwikira kuphazi.

Ntchito yathu yodzipereka tchuthi chino: makina ofungatira mazira a nkhanga. Furiji yakale, sola ziwiri, batire, mawaya. Tinapanga tokha ku yunivesite ku Kumasi, miyezi inayi ya thukuta. Womasulira ndine, poti kwathu ndi ku Winkogo konkuno ndipo Chifrafra, chinenero cha kuno, ndinayamwira. Koma ndalumbira. Ndabwera ngati injiniya Lariba, osati mwana wa kuno wotumidwa kukatunga madzi.

Tikukhala kwa Mayi Atampoka, amasiye, ndi mwana wawo Adongo, bambo wa ndevu zake. Atiphikira tuo, nsima ya mapira ya kuno, ndi therere. Selorm wapempha supuni. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Lachinayi, 12 Juni

Mazira alowa m'makina. Onse 48, a Mayi Atampoka, palibe lotsala.

Ndilembe ndisaiwale chimene tasenza. Adongo akufunsira Teni, wa nyumba ya kuseri kwa munda wa mapira. Chaka chachitatu chino. Kuno mbeta amaifunsira ndi nkhanga. Nkhanga zimene wapititsa kwa amake a mtsikanayo mpaka lero: ziwiri. Mkamwini wa nkhanga ziwiri! Amake a Teni akuti, "Ziwiri ndi moni chabe, mawu sanayambe." Si ulesi, chitopa chinasesa khola lonse m'chilimwe, zinatsala zisanu, ndiye zaikira mazirawa. Tsopano amupatsa malire. Zokolola zikalowa m'nkhokwe iye alibe gulu la nkhanga loti n'kuonetsa, Teni apita kwa wina wa njinga yamoto amene akuzungulirazungulira kale.

Mayi Atampoka amafuna kuika mazirawo pansi pa matadzi a nkhuku monga mwa masiku onse, poti nkhanga yokha kulera siidziwa. Selorm anatulutsa pepala la mizere yokwera ndi yotsika. Thadzi limodzi mazira khumi ndi asanu, makina onse nthawi imodzi. Adongo maso gwa pa pepalalo ngati akuona Teni atajambulidwa pamenepo. Anawachonderera amake mpaka anagonja.

Potseka chitseko cha furiji mayiwo anandifunsa, "Mwanawe, tsono zikaswa, amake adzakhala ndani?" Selorm amvekere, "Akuti chiyani?" Ine: "Akuti makina ndi okongola."

Funso la kumudzi. Sindikanalinena pamaso pa munthu wa mizere yokwera ndi yotsika.

Lamlungu, 22 Juni

Kamota kotembenuza mazira kanapsa tsiku lachitatu. Ndiye kutembenuza ndi manja, kasanu pa tsiku. Selorm wasamutsira mphasa yake pafupi ndi furiji, sandilola n'kukhudza komwe. Akamatembenuza amaimba nyimbo ya kutchalitchi kwawo, ya m'chinenero chawo cha Chiewe, ndime imodzi mzere umodzi wa mazira, akuti kuti asasokoneze. Mawu ake ngati mbuzi yokodwa pa chingwe. Sabata yathunthu nyimbo imodzimodzi. Ndayamba kuilota.

Dzulo mvula tsiku lonse, batire linatsala pang'ono kutisiya pamsewu, kenaka fyuzi phwa! Ndinakonza ndi kawaya ka m'tochi. Iye anayang'ana n'kunena kuti, "Lariba, uli ndi manja abwino." Basi, zomwezo. Nanga n'chifukwa chiyani ndikuzilemba muno? Zopusa.

Adongo amabwera m'mawa uliwonse asanapite kumunda, kugunditsa khutu pa furiji, n'kuchoka.

Lachitatu, 9 Julayi

ZASWA! 41!

Ine ndinali padenga kupukuta sola. Ndinangomva nyimbo ija yaduka pakati, kenaka kukuwa. Potsika ndapeza Selorm wagwada, furiji yotsegula, tinkhanga tili mbwee, tamizeremizere, timiyendo tofiira. Anatitulutsira m'katoni kamodzikamodzi akuimbabe, misozi ili mbwembwembwe, akuti ndi fumbi. Mayi Atampoka analuluta mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Adongo anandinyamula ine, n'kunyamula Selorm, akanatha akananyamulanso furiji.

Madzulo katoni inagubuduka. Tonse 41 liwiro, molunjika ku jombo zachikasu. Selorm anasuntha phazi, ito tinasuntha. Anapita kukamwa madzi, ito pambuyo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Mayi Atampoka sanaseke. Anangondiyang'ana.

Lachisanu, 11 Julayi

Selorm sangapite kulikonse. Kubafa, tinkhanga pakhomo kulira. Kuchimbudzi, tinalowa naye, ndinamva akutichonderera m'Chingelezi kuti timupatseko ulemu. Akakhala pansi tonse timakwera m'jombo, m'manja mwa malaya, pakhosi. Kamodzi kakang'ono kwambiri, ka chala chopindika, kamakwera pamwamba pa jombo n'kumayenda naye ulele. Wakatcha Fyuzi. Tinato watipatsa manambala.

Lero amayi a m'mudzi abwera kudzaona ana. Asanu ndi mmodzi, nkhope zaulemu ngati kumaliro, wina sopo, wina chikho cha madzi a mapira otsekemera. Anakhala pansi mwa dongosolo, wamkulu wawo n'kuyamba: "Mwachira, ntchembere? Zowawa zinayamba nthawi yanji?" Wina anati asatuluke m'chikuta msanga, mphepo ingamulowe. Wina anadzipereka kumuthowa pamimba ndi madzi otentha. Zonsezi ndinamasulira bwinobwino, liwu ndi liwu, osasiyako kanthu. Iye anathokoza n'kulemba m'kabuku kake kuti anthu alandira makina ndi manja awiri.

Tayesa kuika tinkhangato pansi pa thadzi la nkhuku. Thadzi kujompha, ito kuthawira ku jombo. Mayi Atampoka akuti mwana akaona nkhope ya amake watha, sungamusinthire. Kenaka chapansipansi, kwa ine ndekha: "Ndinafunsa ine."

Tuo sanatsike lero.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ntchembere yaphunzira kutchera chiswe. Mphika wosweka, ndowe zouma, mapesi, kuwaza madzi, kuvundikira pa chulu, m'mawa kukatenga. Munthu amene anapempha supuni uja lero akufwanyula ndowe ndi zala n'kumaitana ana. Wayambanso kupalasa pansi ndi jombo kuti aone mmene amafunira chakudya. Ndamujambula. Ndidzamuopsezera mpaka ukalamba.

Masana kabawi psuu! Watenga Nambala 17. Selorm anamuthamangitsa mpaka kudambo, jombo zili phwatuphwatu, akutukwana mbalame m'zinenero zitatu, ndipo tinkhanga tonse tinali pambuyo pake. Anabwera atanyowa mpaka m'chiuno. Sanadye. Akuti, "Anali wodekha kuposa onse." Kena kanafa kokha Lamlungu. Tatsala ndi 39.

Chimene chikundisowetsa mtendere: tinyamuka pa 1 Ogasiti. Nkhanga yopanda make woilondolera kukhola ikangokula pang'ono imalowa m'tchire, osabweranso. Izi ndimazidziwa kuyambira ndili wosavala. Amayi anga ku Winkogo amaweta nkhanga. Ndinazidziwa tsiku lomwe tinatseka furiji lija.

Loweruka, 19 Julayi

Mayo ine. Mayo, mayo.

Ndinapita ku tawuni ya Bolga kukagula waya. Tsiku limodzi lokha! Ndinamuuza Selorm kuti akhale pakhomo. Iye anaona kuti nthawi ikutayika, anatenga pepala la mafunso a lipoti lathu kuti ayambe kuyendera makomo. Khomo loyamba, la kuseri kwa munda wa mapira. Kwa amake a Teni.

Mnyamata wosakwatira, malaya ositidwa, kulowa pakhomo pa mbeta, nkhanga 39 zili pambuyo pake pa mzere!

Teni yemwe ndiye wandifotokozera, akugwira m'mimba ndi kuseka, poti ndiye ankamasulira ndi Chingelezi chake cha kusukulu. Amake anataya chipande, kuyala chikopa, kumupatsa madzi. Iye anamwa. Anatsegula pepala n'kuyamba: pakhomo pano mulipo angati? Mwana wanu wamkaziyu ali ndi zaka zingati? Amaphika kangati pa tsiku? Nkhuni amatola kutali? Pomaliza anapempha kuyeza denga la chipinda cha Teni ngati lingasenze sola. Amake akuti chibadwire sanaone mkamwini wofunsa mwadongosolo chonchi. Anamuphera nkhuku. Anadya, chitsiru, mpaka kupempha msuzi wina.

Pofika ine mudzi wonse unali utamva kuti injiniya wafunsira Teni ndi nkhanga zochuluka kuposa za mkamwini aliyense chiyambire Dazongo. Selorm anandilandira akumwetulira: "Anthu a kuno ndi ochereza bwanji!"

Adongo sanabwere kudzadya.

Lamlungu, 20 Julayi

Adongo anafika m'mawa maso ali psuu. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Mazira a amayi anga. Nkhanga zanga. Zakafunsira mkazi wanga, koma za mwamuna wina." Anakhala pa mtondo n'kugwira mutu. Zaka zitatu za munthu.

Nditamumasulira Selorm anachita kakasi, kenaka anafuna kuthamangira komweko kukapepesa. Tinachita kumugwira malaya. Akanapitanso nazo kawiri, bwenzi tikukamba za tsiku la ukwati.

Ndiye ndinaulula. Pamaso pa onse atatu, m'zinenero zonse ziwiri. Kuti mayi anafunsa za amake a nkhanga, ine n'kunama kuti akuyamikira makina. Kuti ndinadziwa kuti thadzi si moto wofunditsa mazira chabe, ndi limene limaphunzitsa ana kudya, kubisala, kubwerera kwawo. Kuti ndinachita manyazi kuoneka wakumudzi. Ndinalira, ndipo ndikudana nazo kuti ndinalira. Mayi Atampoka anati, "Sukulu inakupatsa maso ena, sinakulande akalewo. Pukuta mamina, tipite." Selorm anatsegula kabuku kake n'kukhwatcha tsamba lathunthu.

Tinapita awiri, ine ndi mayi, kwa amake a Teni. Tinafotokoza mpaka malovu kuuma. Iwo manja m'chiuno: "Ine ndinaona ndi maso angawa. Nkhanga sizinama. Munthu amene zimamutsata ndiye mwini wake, ndipo mwini wake ndiye mwini mawu." Titachonderera anafewako pang'ono. Akuti tsiku lonyamuka alendo, amuna onse awiri adzaime panjira ya pakhomo pawo. Injiniya azipita kumsewu, Adongo azilowa m'bwalo. Zikalowa ndi Adongo, mawu ndi ake, adzadikira zikule. Zikatsata injiniya, Adongo asadzapondenso pamenepo.

Potuluka Teni anandinong'oneza: "Uzani Adongo achite changu. Amayi ayamba kale kufunsa kuti moni wa Chiewe amati chiyani."

Masiku khumi ndi awiri.

Lachitatu, 23 Julayi

Mainjiniya ayesa zaukatswiri. Lolemba tinajambula nyimbo ya Selorm pa foni, kuimangirira pa wilibala pamodzi ndi jombo imodzi, Adongo n'kumakankha. Tinkhanga tinayang'ana wilibala, tinayang'ana Selorm wa jombo imodzi, tinasankha wa jombo imodzi. Dzulo Selorm anajambula pulani ya thadzi la mawaya loyendera batire. Mbuzi inadya pulaniyo. Mbuziyo ndaiyamikira.

Lero ndinati basi, tamverani ine. Kwathu amayi akagula nkhanga zachilendo sazimangirira. Amazipatsa chakudya m'mawa ndi madzulo, malo amodzi, munthu mmodzi, kuitana kumodzi, mpaka mimba iphunzire. Mayi Atampoka anavomera ndi mutu. Ndiye lamulo ndi ili: chiswe azitchera Adongo, azipereka Adongo. Jombo avale Adongo. Nyimbo aimbe Adongo. Selorm asaoneke, asamveke, asatsokomole.

Selorm anafunsa ngati pali kafukufuku wotsimikizira njira imeneyi. Ndinati alipo, dzina lake ndi amayi anga.

Wavula jombo. Anazipereka ndi manja awiri ngati akupereka mwana.

Lolemba, 28 Julayi

Tsiku lachisanu Selorm ali m'ndende, m'kachipinda kosungira mtedza. Chakudya ndimamupatsira pawindo. Masiku awiri oyamba tinkhanga tinalira pakhomo pake osalekeza, iye m'katimo atadzitseka pakamwa ndi thaulo kuti asayankhe. Ndinasuzumira, ndinaona mapewa akugwedezeka. Sindinamuseke. Ndikudabwa nane.

Phazi la Adongo ndi khasu, jombo ndi zazing'ono. Akuyenda ngati waponda minga, matuza mbwee, koma savula ngakhale pogona. Nyimbo ya Chiewe m'kamwa mwa Mfrafra, Ambuye atikhululukire. Selorm amamukonza kudzera mwa ine, pa kapepala: ndime yachiwiri akweze mawu. Anthu opita kumunda amaima kuonerera bambo wa ndevu akupalasa pansi n'kumaimba zosadziwika. Wa njinga yamoto uja anabwera dala kudzaseka. Adongo sanatembenuke n'komwe, anapitiriza ndime yake.

Dzulo tinkhanga khumi ndi tiwiri tinamutsata Adongo. Lero mpaka kuchulu ndi kubwerera, 30. Tinato timayenda theka la njira n'kubwerera kukakhala pa chitseko cha mtedza. Fyuzi sanasunthepo chiyambire, amadya pokhapokha ndikamuikira chiswe pamenepo.

Amake a Teni akuti akufuna zonse. Teni akuti amake sadziwa kuwerenga kupitirira makumi awiri akakwiya. Sindikudziwa wokhulupirira.

Pawindo lero Selorm anandifunsa kuti, "Kodi kwanu nkhanga imodzi yokha imawerengedwa?" Ndinati ziwiri ndi moni, imodzi mwina ndi kugogoda chabe. Anati, "Oho." Mafunso a lipoti satha.

Lachisanu, 1 Ogasiti

M'basi. Zilembo zikhota, msewu ndi womwe uja.

Mudzi wonse unabwera, ena anakwera pa makoma. Amake a Teni pakhomo, manja m'chiuno. Teni kumbuyo kwawo akuluma nsonga ya mpango, kuseka konse kutatha. Adongo anafika ndi gulu lake, jombo zachikasu, thukuta kamukamu. Kenaka tinamutulutsa Selorm, atavala patapata, chikwama kumsana. Ndinamuuza katatu: osaimba, osayankhula, osacheuka.

Tinkhanga titamuona tinaima. Tonse zii, makosi m'mwamba. Selorm anayamba kuyenda kulowera kumsewu, khosi gwa, milomo akuiluma. Tisanu tinayamba kumutsata. Kenaka khumi. Mayi Atampoka anandifinya dzanja mpaka pano likuwawa.

Adongo anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Nyimbo yamuthawa! Munthu waimba sabata yathunthu! Anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana ana ake akupita. Ndiye kuchokera kumbuyo kwa amake, Teni anaiyamba. Teni! Anaiphunzirira kuseri kwa mapira, pomvera chibwenzi chake chikuzunzika m'mawa uliwonse. Adongo anailandira, anapalasa pansi ndi jombo kawiri, n'kutembenuka kulowa m'bwalo akutsimphina. Tinkhanga tinayang'ana uku, tinayang'ana uko. Kamodzi kanabwerera. Kenaka tonse wuu, pa mzere, kudutsa pakati pa miyendo ya amake a Teni.

Nthungululu zake! Amake anayesa kuwerenga, anafika pa khumi ndi zisanu n'kusiya. Akuti, "Mwamuna woimba zonyansa chonchi pagulu chifukwa cha mwana wanga, mutengeni, ndatopa." Adongo anakhala pansi pomwepo n'kuvula jombo, akulira ndi kuseka. Mayi Atampoka anandipatsa mazira owiritsa a pa ulendo. Akuti makinawo awasunga, koma ulendo wina thadzi lizikhala pambali kudikira ana. Ndalemba zimenezo pa tsamba loyamba la lipoti, ndi dzina lawo.

Selorm sanacheuke mpaka kumsewu. Ndinamunyadira, ndivomere.

Ndinawerenga zolowa m'bwalo: 38. Ndinaganiza kuti ndaphonya.

Tangodutsa Bolga, m'thumba la malaya ake mwamveka kulira. Fyuzi! Akuti anamupeza pa patapata atafika kale kumsewu, ndipo Adongo anathamanga kudzamuuza ndi manja kuti amutenge. Ndamukalipira kuti ku hositelo saweta nkhanga. Iye wangomutulutsa, wamuika pamiyendo panga, n'kufunsa kondakitala ngati basi imaima pa Winkogo. Akuti akufuna kukaona kafukufuku uja. Akuti amayi anga ali pakhomo lero?

Ndamuuza kuti, iwe, ukudziwa tanthauzo la kulowa pakhomo pa amayi anga ndi chinthu ichi? Wayang'ana pawindo. Makutu ake akuchita kunyezimira thukuta. Akuti, "Imodzi ndi kugogoda chabe, unanena wekha."

Akudziwa. Chitsiruchi chikudziwa.

Malaya ndi ositidwa, ndangoona tsopano. Mtengo wa malambe wa pa siteji yathu uwo. Kondakitala akumenya chitseko, akufunsa ngati pali otsika, Fyuzi wandinyerera pa siketi, ndipo ine sindikudziwa kuti nditsike naye kapena ayi.